Wamanzere anandizunguza mutu mu ring'i, ulendo uno ndimulowe bwanji?

Funso: A Kochi, ndine mnyamata wa zaka 19, ndikhala ku Mchini kuno ku Chipata. Ndamenyapo mafayiti 8 a amateur, ndinawina 6. Mwezi watha ndinakumana ndi wamanzere koyamba ndipo zinandivuta maningi, jabu yanga, nkhonya yolunjika ya dzanja lakutsogolo ija, siimafika, timangopondana mapazi, mu raundi yachiwiri tinagundana mitu ine n'kung'ambika pamwamba pa diso, ndipo nkhonya yake yamanzere sindimaiona ikubwera, ndimangomva yafika. Kwatsala masabata atatu kuti tikumanenso. Ku jimu kwathu kulibe wamanzere olo mmodzi, amangondiuza kuti zungulira kumanzere basi. Ndichite bwanji?

Yankho: Mphwanga, mtima pansi kaye. Zonse zinayi wakambazi, jabu yosafika, kupondana, kugundana mitu ndi nkhonya ija yongomva yafika, ndi matenda amodzi, ndipo aliyense amene anavalapo magolovesi n'kukumana ndi southpaw, ndiye kuti woima chamanzere, koyamba anadwalapo. Sikuti mnyamata uja ndi wamphamvu kuposa iwe ayi, mwina akanaima ngati anzako onse ukanamuthibula bwinobwino. Chimene wakuposa ndi kuzolowera. Ganiza, pa anthu 10 ndi mmodzi chabe amene amabadwa wamanzere, ndiye iye chilowereni mu jimu wakhala akuona anthu oima ngati iwe, m'mawa, madzulo, chaka ndi chaka, pomwe iwe wamuonapo mphindi 9 zokha ndipo mphindi zimenezo anali kalikiliki kukumenya. Maso ako anaphunzira kuti choopsa chimachokera mbali iyi, manje chikuchokera mbali inayo, thupi likulewa kolakwika iwe usanaganize n'komwe.

Ine wanga woyamba ndinakumana naye ku Copperbelt ndili mnyamata ngati iwe, tinayenda ndi basi usiku wonse kuchoka kuno, kukafika miyendo itatupa. Belu litangolira ndinaponya jabu yanga imene ndinkaidalira kwambiri, inakagunda golovesi yake, yachiwiri golovesi, yachitatu golovesi, ndinayamba kupsa mtima n'kumazungulira kumanja monga anatiphunzitsira kuti thawani dzanja lamanja la mnzanu, osadziwa kuti ndikudzipereka ndekha ku dzanja lake lenileni ngati nkhuku yolowa yokha m'khitchini anthu atatereka kale madzi. Tsaya lakumanja linatupa moti pobwerera kunyumba masiku atatu nsima sindimatafuna, amayi ankangondipatsa thobwa uku akundifunsa ngati masewera ena kulibe padziko pano kkkk. Ndiye ndikukamba zimene ndinazimva pathupi.

A kochi ako sananame pokuuza kuti zungulira kumanzere, kungoti akupatsa mutu wa nkhani, nkhani yake asunga. Tenga nsapato pompano uyike pansi uone. Iwe umatsogoza phazi lamanzere, iye amatsogoza lamanja, ndiye mukayang'anizana mapazi akutsogolo aja ali mbali imodzi, chala ndi chala, manja akutsogolo chimodzimodzi, zili ngati ukumenyana ndi munthu wa pagalasi. N'chifukwa chake jabu ikungogunda golovesi, njira yake ndiyotseka. Lomba suntha nsapato yako yamanzere pang'ono ikhale kunja kwa yake yamanja. Waona chachitika? Phewa lako lamanja lalunjika pakati penipeni pa chifuwa ndi chibwano chake, msewu watseguka pakati pa magolovesi ake awiri, pomwe dzanja lake lamanzere latsalira kutali, kuti likupeze ayenera atembenuke kaye. Iye akaponda kunja kwa phazi lako zonse zatembenuka, msewu uja ndi wake. Ndewu ya wamanja ndi wamanzere yagona pa kadanga kameneka, kosakwana n'komwe kutalika kwa nsapato imodzi.

Koma apa ndi pamene ana ambiri amasokonekera. Akangomva za phazi lakunja amalowa mu ring'i maso ali pansi ngati munthu wataya ndalama pamsika wa Kapata, akusakasaka phazi la mnzake, nkhonya zikugwa pamutu. Majaji sawerenga mapazi mphwanga. Maso ako akhale pachifuwa chake, phazi uzingolimva. Ndipo kunjako si mpando woti ukhalepo, ndi pa kanthawi kamene ukuponya chabe, ukaponda kunja dzanja lamanja lichoke nthawi yomweyo, osati kuponda, kuima, kuganiza kaye, ayi, phazi ndi nkhonya zifikire limodzi. Ukaponda osaponya wangomuuza kumene ukupita, ndipo wamanzere wochenjera amakusiyira dala kunjako chifukwa akudziwa kuti kumeneko ukakumana ndi huku yake yamanja, nkhonya yokhota yochokera m'mbali. Masitepe akhale ang'onoang'ono, ukatangadza kwambiri miyendo mphamvu ya m'chiuno yatha ndipo akakukankha pang'ono uli pansi. Tsono ukapezeka phazi lako lili mkati usanjenjemere ngati dziko latha, jabu imalowa bwino kuchokera mkatimo chifukwa imadutsa pakati pa manja ake, ponya yolimba, pinda mawondo, tuluka. Choletsedwa ndi kuima mkatimo mutu uli chilili kudikira.

Za jabu. Ambiri akaona kuti siikufika amaisiya, ena amayamba kaseweredwe kogundanitsa magolovesi akutsogolo, kagwire kagwire ngati akupatsana moni, raundi yonse kutha. Kamene kaja ndi kamasewera kake iyeyo, wakasewera zaka zambiri, akungokuyeza mtunda kuti lamanzere likabwera lisaphonye. Anthony Joshua anagwa mu msampha womwewu ndi Oleksandr Usyk, woima chamanzere, ku London mu Sepitembala 2021, munthu wamtali ndi wolemera kuposa mnzake koma anavomera kumasewera za manja akutsogolo pakati pa ring'i, malamba onse n'kupita, atakumananso ku Jeddah mu 2022 analuzanso. Iwe jabu usaisiye koma isinthe ntchito. Golovesi yako yamanzere ikhale pamwamba pa yake, ukakhala pamwamba umatha kuimenya yake pansi kamodzi n'kudutsitsa jabu pamwamba pake, kapena kuimenya pansi n'kulowetsa lamanja pompo. Kumenya pang'ono chabe ngati ukuthamangitsa ntchentche, osati kulondola dzanja lake mpaka m'chiuno, ukatero nkhope yatsala poyera. Nthawi zina usafune mutu n'komwe, baya paphewa lake lakutsogolo kapena pachifuwa, munthu wobayidwa paphewa sangaponye lamanzere mwamphamvu chifukwa wamudula asananyamuke. Ndiye pali huku yamanzere yodutsa pamwamba pa jabu yake, imeneyi ndimaikonda kwambiri, iye akatambasula dzanja lamanja tsaya lake la mbali imeneyo lilibe mlonda, iwe ponda kamodzi kumanzere, huku yaifupi, basi wapotoloka uli kumbali kwake iye akuyang'ana zingwe.

Koma chakudya chenicheni ndi dzanja lamanja, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mu kalata yako sunalitchule olo kamodzi, zomwe zikundiuza kuti tsiku lija unalisunga m'thumba. Tinakuphunzitsani kuti lamanja limabwera pambuyo pa jabu, wani-thu, wani-thu, ndiye jabu ikakanika lamanja nalo limakhala phee kudikira chilolezo. Kwa wamanzere lamanja limayamba lokha. Lilunjike, lichokere pachibwano pako osalikokera kumbuyo kaye, chidendene chakumbuyo chipotoloke, ndipo ukaliponya bwino mutu wako umasunthira wokha kumanzere pang'ono, ndiye nkhonya yake yamanzere ikabwera nthawi yomweyo imadutsa pamwamba pa phewa lako lamanja, yako yafika yake yaphonya. Raundi yoyamba usalimbane ndi mutu, mutu umathawa, chifuwa sichithawa. Menya pachifuwa, menya pamimba pomwe nthiti zimakumana, pinda mawondo kuti maso ako atsike pamodzi ndi nkhonya. Akazimva ziwiri zitatu manja ayamba kutsika okha, pamenepo ndiye yamba pansi n'kumalizira pamwamba, lamanja pamimba, lamanja lomwelo pachibwano. Ambiri sayembekezera dzanja limodzi kawiri. Ukatha lamanja tseka ndi huku yamanzere ndipo tulukira kumanzere komweko, kupotoloka pa phazi lakutsogolo ngati chitseko. Kubwerera chambuyo molunjika ndiko kumene anakupezera ulendo watha, ndikutsimikiza olo sindinaonere, chifukwa wamanzere amakutsata ndi sitepe imodzi lamanzere lili kale m'njira.

Ukafuna kuona kuti dzanja limeneli ndi mankhwala, funa fayiti ya George Foreman ndi Michael Moorer ya Novembala 1994 ku Las Vegas. Moorer anali wamanzere woyamba kukhala champiyoni wa heavyweight, atangomulanda malamba Evander Holyfield chaka chomwecho, mnyamata wa zaka 26 kumenya mdala wa zaka 45. Maraundi 9 Moorer anali patsogolo kwa majaji onse atatu, jabu yake yamanja inatupitsa nkhope ya mdala uja, koma anayamba kumaima kutsogolo kwake, raundi ya 10 Foreman anaponya jabu, lamanja lalifupi pachibwano, Moorer chagada osadzukanso. Koma imene ndikufuna uiganizire kwambiri ndi ya Juan Manuel Marquez ndi Manny Pacquiao woima chamanzere. Atakumana koyamba mu 2004 Marquez anagwa katatu mu raundi yoyamba yokha, lamanzere lija samaliona ngati iwe, komabe anadzuka n'kufika kumapeto, fayiti inatha dulo, popanda wopambana. Mu 2008 ndi 2011 analuza pa mapointi. Mu Disembala 2012, raundi ya 6 itatsala sekondi imodzi, Pacquiao akulowa mwaliwiro lake lija, anakumana ndi lamanja lalifupi n'kugwa chafufumimba osagwedezeka. Anthu amati inali ya mwayi. Mwayi wanji, munthu anali atamuyang'ana Pacquiao maraundi 36 asanafike usiku umenewo, ankadziwa kanyamulidwe ka phazi lake ngati mmene iwe umadziwira kayendedwe ka amalume ako ali patali.

Tibwere ku lamanzere lake lija losaoneka. Silioneka chifukwa likubwera molunjika pakati pa magolovesi ako kuchokera kumene maso ako sanazolowere, komanso ndikukayika golovesi yako yamanja imakhala pambali pa khutu kudikira huku monga umachitira ndi anzako amanja. Isunthire kutsogolo pang'ono, pafupi ndi chibwano, chikhatho chikuyang'ana iye, kuti lamanzere likabwera uligwire kapena kulikankhira pambali n'kubweza lamanja pompo. Usayang'ane golovesi yake, yang'ana phewa lake lakumbuyo ndi chiuno, zimenezo ndi zimene zimayamba kuyenda, golovesi imabwera pomaliza. Ndipo usaganize kuti zimenezi zimangogwera ana a ku Mchini, Wladimir Klitschko ndi msinkhu wake wonse uja anagwetsedwa kanayi ndi Corrie Sanders wa ku South Africa mu Malichi 2003 ku Hanover, zonse zinathera mu raundi yachiwiri, lamanzere lomweli.

Chigongono chamanja chisachoke panthiti. Chiwindi chili kumanja kwa thupi, ndipo kwa iwe mbali imeneyo ndi imene yayang'ana dzanja lake lamphamvu. Nkhonya ya pachiwindi siili ngati ya pamutu yoti ungalimbe mtima n'kupitiriza, imachedwa kamphindi kenako miyendo imangokana. Gervonta Davis anamuchita zomwezo Ryan Garcia mu Epulo 2023, raundi ya 7, lamanzere lalifupi panthiti, Garcia anabwerera masitepe angapo ngati palibe chachitika kenako n'kugwada, refa n'kuwerenga mpaka 10. Komanso kumbuka kuti chiwindi chake iyeyo chili mbali imene watsogoza, pafupi ndi huku yako yamanzere, chabisala kuseri kwa chigongono chake chamanja, ndipo chigongonocho chimachoka nthawi iliyonse akaponya jabu.

Kugundana mitu sikunali tsoka. Iwe ukaponya lamanja mutu umapita kutsogolo cha kumanzere kwako, iye akaponya lamanzere mutu wake umapita kutsogolo cha kumanja kwake, ndiye ndi malo amodzimodziwo, mbuzi ziwiri pamkondo umodzi. Chothandiza ndi kutsika ndi mawondo osati kuwerama ndi msana, chibwano pansi, polowa golovesi yamanzere ibwerere pamphumi, ndipo dzanja lizitsogola mutu uzitsatira. Ukamalowa ndi mutu refa akuchenjeza, ukabwereza akudula pointi, fayiti ya maraundi atatu pointi imodzi ndi yambiri. Mukayandikana kwambiri usakankhane naye ndi chipumi, ika mutu kunja kwa phewa lake lamanja, kumeneko manja ake onse awiri sakupeza bwino. Kupondana nakonso kuchitika ndithu, usayang'ane refa kudandaula, amene wapondedwa n'kuyang'ana kumbali ndi amene amadya nkhonya. Akakuponda usakoke thupi chambuyo phazi lili logwidwa, ugwa chagada, manga gadi, pinda mawondo, mukankhe ndi phewa.

Pali kanthu kena kamene ambiri saganizira. Si aliyense woima chamanzere amene ndi wamanzere wobadwa. Ena ndi amanja enieni, anangosankha kutsogoza dzanja lawo lamphamvu, monga Oscar De La Hoya anali wamanzere koma ankaima ngati iwe, n'chifukwa chake jabu ndi huku yake yamanzere zinali zoopsa kuposa lamanja. Ndiye kumbuka bwino za tsiku lija, zimene zinakupweteka zenizeni zinali ziti? Ngati ndi jabu ndi huku yamanja, kuzungulira kumanzere mwachimbulimbuli ndi kukalowa m'kamwa mwa ng'ona, uyenera kumapita kumeneko dzanja lamanzere lili m'mwamba kapena kudutsa pansi pa huku yake. Pa sikelo tsiku loyeza kulemera muyang'anitsitse, botolo la madzi akutsegula ndi dzanja liti, akusaina ndi liti, chikwama wanyamula ndi liti. Kungoti kwathu kuno nazonso zimanamiza, mwana wamanzere amakula akumenyedwa ndi mthiko padzanja kuti asadyere nsima kumanzere, asalandire chinthu kwa akulu ndi kumanzere, mpaka amalemba ndi lamanja, koma mupatse mwala agende mango uona dzanja lake lenileni.

Ndipo pomwepo ndi pamene pali yankho la vuto lako lalikulu, loti ku jimu kulibe wamanzere. Alipo mwina, munangomutembenuza. Funsa anyamata onse amene amagenda ndi kumanzere, amene mpira amamenya ndi mwendo wamanzere, mmodzi apezeka, muimike chamanzere masabata atatu amenewa. Akasowa tenga mnzako aliyense wopepuka, aime chamanzere koma umuuze aziponya ziwiri zokha, jabu ndi lamanzere lolunjika, pang'onopang'ono osati mwamphamvu, iwe ntchito yako kuona, kugwira, kubweza lamanja, kutulukira kumanzere. Aoneka wopusa, miyendo izimupiringizika, zilibe kanthu, sitikufuna kuti akhale Pacquiao, tikufuna maso ako aone nkhonya ikuchokera mbali imeneyo kambirimbiri mpaka thupi lisiye kudabwa. Maraundi anayi kapena asanu tsiku lililonse opepuka amaposa sparring, kumenyana koyeserera ku jimu, imodzi yankhondo pa sabata. A kochi pogwira mapadi nawonso atsogoze phazi lamanja, ndipo azikuponda dala nthawi zina. Pa thumba ika patapata pansi pomwe pangakhale phazi lake, nthawi iliyonse ukamaponya lamanja phazi lako lidutse kunja kwa patapatayo osayang'ana pansi, ukaiponda yambiranso. Ine ndimagwiritsanso tayala lakale la galimoto, awiri mapazi akutsogolo mkati mwa tayala, mmodzi chamanja wina chamanzere, mphindi ziwiri, kumenya mopepuka, palibe kothawira ndiye umaphunzira msanga kumene mutu wako uyenera kukhala. Ukamva kuti ku Katete kapena ku Petauke kuli wamanzere weniweni wa kulemera kwako, pempha a kochi mupite Loweruka limodzi, ndalama ya basi imeneyo ikuthandiza kuposa magolovesi atsopano. Kuthamanga kwa m'mawa kukwera ku Kanjala usasiye, chifukwa kuzungulira maraundi atatu osaima kumadya miyendo, ndipo miyendo ikatopa umayamba kuima kutsogolo kwake ngati Moorer.

Wina akuuza kuti nawenso ima chamanzere kuti mufanane. Usayerekeze. Terence Crawford amasintha choncho chifukwa wazichita kuyambira ali mwana, iwe masabata atatu ungophunzira kugwa. Ma bando ako awonongere pa YouTube, ife nthawi yathu Lottie Mwale, katswiri wa nkhonya wa muno mu Zambia, tinkangomumva pa wailesi ndi m'nkhani za akuluakulu, inu muli ndi zonse m'manja. Onera Floyd Mayweather ndi Pacquiao ya 2015, anthu amati inali yogonetsa tulo koma kwa iwe ndi sukulu, tseka mawu, raundi imodzi yang'ana mapazi okha, ina yang'ana lamanja la Mayweather likuyamba lokha popanda jabu, ndi mmene amachokera pamalo akangoponya.

Bala lija ndilo likundidetsa nkhawa kuposa zonse. Khungu la pamwamba pa diso likang'ambika kamodzi silichedwa kutsegukanso, ndiye sparring iliyonse vala hedigadi ndipo pakapo Vaseline, sabata yomaliza pasakhale kumenyana kwamphamvu, mapadi, kulumpha chingwe ndi shado, kuponya nkhonya m'malere wekha, basi. Pita akakuone kuchipatala usanavomere tsiku, akati silinapole, fayiti isunthe, zaka 19 nthawi ulinayo. Sunandiuze ngati pogundana paja unachita chizungulire, ngati mutu ukumapweteka mpaka lero kapena kuwala kukukusowetsa mtendere uwauze a kochi ndi adokotala zoona zake, malamulo a amateur amaika masiku osachepera 30 opuma munthu akagwetsedwa ndi ya m'mutu mpaka fayiti kuimitsidwa, ndipo sanaike masikuwo kuti akusangalatse ayi.

Tsiku lake likafika, akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono ya amateur ili ndi maraundi atatu a mphindi zitatu, ukadekha raundi yoyamba yonse kumuwerenga watsala kale. Masekondi 30 oyamba lamanja lako likhale litafika pachifuwa chake kawiri, olo lisapweteke, angodziwa kuti ulendo uno wabwera nalo. Ku kona asakuuze zinthu khumi, munthu wotopa amamva mawu amodzi, pangana ndi a kochi kuti akaona ukutsetserekera kumanja azingokuwa kuti kumanzere, akaona wasunga dzanja azikuwa kuti lamanja. Ndipo upeze mnzako ajambule fayiti yonse pa foni unditumizire, koma umuuze aime patali pang'ono kuti mapazi aoneke, anyamata inu mumangojambula nkhope ndi anthu okuwa kumbuyo.